Bola moyo: momwe ntchito yowerenga buku la opulumuka ku Columbine ikuyendera

Chiyambi cha ntchito

Gulu lathu linayamba ndi anthu 8, ndipo ine ndi amene ndinasankhidwa kusunga zolemba za momwe ntchito ikuyendera. Asanu mwa ife ndife aphunzitsi a sekondale, mmodzi ndi namwino, wina ndi mnyamata amene akuphunzira za uphungu, ndipo wamkulu wa tonse ndi bambo amene anapuma pa ntchito ataphunzitsa zaka zoposa 30, omwe timangowatchula kuti aHedi. Timakumana Loweruka masana m'kalasi imene sukulu ina ya kuno ku Blantyre inatibwereka, kalasi ya denga la malata lopanda siling'i, ndipo dengali ndalitchula dala chifukwa libweranso m'zolembazi.

Tinagwirizana zinthu ziwiri. Choyamba ndi kuwerenga mpaka kumapeto buku la Wally Lamb lotchedwa The Hour I First Believed, nthano yaitali imene inatuluka ku America mu 2008, yokhudza kuwomberedwa kwa ana pasukulu ya Columbine. Chachiwiri ndi kulemba kabuku ka m'Chichewa ka masamba osapitirira 20, kothandiza aphunzitsi kudziwa choyankhula ndi chochita pamene wophunzira kapena mnzawo wa pantchito waona zoopsa ndipo miyezi ikutha iye osabwerera mwakale. Sitinasankhe bukuli poganiza kuti zowombera ana m'sukulu ndi vuto lathu. Limeneli ndi vuto la ku America, dziko limene malamulo ake aakulu, kuyambira mu 1791, amateteza ufulu wosunga mfuti, ndipo tinalonjezana kuti nkhaniyi tiisiya kwawo komweko osaikokera kuno mokakamiza. Chimene chinatikopa ndi kagawidwe ka bukuli, chifukwa kuwomberako kumachitika koyambirira, ndipo masamba mazana angapo otsalawo akunena za munthu amene chipolopolo sichinamukhudze n'komwe koma moyo wake sunalunzikenso.

Mabuku tili nawo awiri okha. Limodzi tinalipeza kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu, lopanda chikuto chakumbuyo, ndipo lina anatitumizira mbale wa mmodzi wa ife kuchokera ku Johannesburg. Popeza lili ndi masamba oposa 700, tinagawana kuti buku lililonse lizizungulira anthu anayi pa sabata, ndipo pa mkumano uliwonse anthu awiri azifotokoza m'Chichewa zimene zawerengedwa kuti amene buku lamupeza mochedwa asatsalire.

Mkumano woyamba

Nthano ikuyamba madzulo a Lachisanu, pamene Caelum Quirk, mphunzitsi wa Chingerezi pa Columbine High School, yemwenso ndi wofotokoza nkhani yonse, akugula pizza pamalo pamene Eric Harris ndi Dylan Klebold, ophunzira awiri a pasukuluyo, ankagwira ganyu. Caelum ndi mpangankhani wopeka, koma anyamata awiriwo, ganyu yawo ndi sukuluyo n'zenizeni, choncho theka la nthawi yathu linathera pa kulekanitsa zopeka ndi zimene zinachitikadi. Lachiwiri pa 20 April 1999, nthawi itangodutsa 11 koloko m'mawa, Harris wa zaka 18 ndi Klebold wa zaka 17 anatchera mabomba awiri a masilinda a gasi m'holo yodyera ya sukuluyi, yomwe ili pafupi ndi Littleton m'chigawo cha Colorado. Mabombawo atakanika kuphulika, iwo anayamba kuwombera panja kenako n'kulowa m'kati. Pasanathe ola limodzi anali atapha ophunzira 12, mwa iwo 10 mu laibulale, atavulaza ena oposa 20, ndipo anadzipha okha mu laibulale momwemo. Mphunzitsi Dave Sanders, amene anawomberedwa akuthawitsa ana, anataya magazi kwa maola oposa atatu m'kalasi ya sayansi, ana akumusamalira, apolisi akuyenda pang'onopang'ono chipinda ndi chipinda, ndipo anamwalira tsiku lomwelo.

AHedi atamva za usiku wa pizza uja, pamene mphunzitsi akucheza ndi ana amene kwatsala masiku anayi kuti aphe anzawo, anapukusa mutu n'kunena kuti chakudza sichiimba ng'oma. Mnyamata wa uphungu anawayankha mwaulemu kuti, "Pepani aHedi, koma apa ng'oma inalira ndithu." Anatikumbutsa kuti mu January 1998 anyamatawa anamangidwa atathyola galimoto n'kuba zipangizo, anaikidwa pa ndondomeko yowongola ana olakwa ndipo anaimaliza akuyamikiridwa, komanso kuti chaka chomwecho makolo a mnzawo wina anakadandaula kupolisi kuti Harris akulemba pa intaneti zoopseza kupha mwana wawo, koma chikalata chopempha chilolezo chokafufuza kunyumba kwake sichinapite kukhoti. AHedi anavomera kuti mwambiwo sunakhale pamalo pake. Tinagwirizana kuti m'kabuku kathu simudzakhala gawo lophunzitsa aphunzitsi kuzindikira mwana amene angaphe anzake, chifukwa imeneyo si ntchito imene tinadzipatsa ndiponso tilibe ukadaulo wake.

Mkumano wachiwiri ndi wachitatu

Pa tsiku la zoopsazo Caelum ali kutali, ku Connecticut, kumene wapita chifukwa azakhali ake a Lolly, omwe anamulera mbali ina, adwala sitiroko n'kumwalira. Zonse akuzionera pa wailesi ya kanema, osadziwa ngati mkazi wake Maureen, namwino wa pasukuluyi, ali moyo. Maureen wabisala m'kabati ya m'kachipinda kena ka mu laibulale, wadzipinda mmenemo, ndipo akumva kulira kwa mfuti, kuseka kwa owomberawo ndi kuchonderera kwa ana. Mlembi sanazitole m'mwamba zimenezi, chifukwa Patti Nielson, mphunzitsi amene anaimbira apolisi foni ali mu laibulale, anabisaladi m'kabati kwa maola angapo.

Ndiyenera kulemba mosabisa kuti mikumano iwiriyi sitinaigwiritse bwino ntchito. Lamb waika m'bukumu zidutswa za zimene Harris ndi Klebold analemba m'makope awo ndi zimene ananena pa matepi amene anadzijambula, ndipo zidutswazi zinatikoka tonse. Wina akuti vuto linali kuzunzidwa ndi anzawo, wina akuti makolo, wina akuti mfuti zosavuta kupeza, wina akuti ziwanda, mpaka dzuwa kupendeka. Nditabwerera kunyumba n'kuwerenga zimene ndinalemba, ndinapeza kuti mayina a anyamatawa ali pa tsamba lililonse pamene dzina la Maureen lili katatu kokha, chonsecho iyeyo ndiye chifukwa chimene tinasankhira bukuli.

Kukambirana kumodzi kokha ndi kumene ndikuona kuti kunali kwa phindu. Patangotha masiku ochepa chichitikireni zoopsazo, kalipentala wina wa ku Illinois, Greg Zanis, anazika mitanda 15 paphiri la mu Clement Park pafupi ndi sukuluyo, 13 ya ophedwa ndi iwiri ya owapha, ndipo Brian Rohrbough, bambo wa mmodzi wa ana ophedwawo, anakazula iwiriyo. Mayi wina mwa aphunzitsi athu ananena kuti kwathu ngakhale maliro a chigawenga anthu amakakhuza, chifukwa amene mukumupepesa ndi wotsala osati wopita, ndipo makolo a anyamatawo nawonso anataya ana. AHedi anati kukhuza ndi kwina, kuzika mtanda wa wakupha pambali pa mtanda wa mwana wako ndi kwinanso, ndipo akanakhala iwo akanazulanso. Sitinagwirizane, ndipo sindikuona kuti panafunika kugwirizana. Chimene tinamanga ndi lamulo lakuti kuyambira tsopano owomberawo sazipatsidwa mphindi zoposa 10 pa mkumano, ndipo ine ndizigwira wotchi.

Mkumano wachinayi

Uwu ndi mkumano umene watembenuza ntchito yathu, choncho ndiulemba mwatsatanetsatane.

Tinawerenga gawo limene Maureen wabwerera kunyumba wopanda bala lililonse pathupi. Tulo sakulipeza, akalipeza amalota ali m'kabati, phokoso ladzidzidzi limamuponya pansi, amapsa mtima pa zinthu zazing'ono, ndipo amadziimba mlandu kuti iye, namwino, anabisala ana akufa. Mnyamata wa uphungu anatifotokozera kuti madokotala a matenda a maganizo ku America anaika vutoli m'buku lawo la matenda mu 1980 ndi dzina lakuti PTSD, makamaka ataona zimene zinkachitikira asilikali obwera kunkhondo ya ku Vietnam. Anati zizindikiro zake amaziika m'magulu anayi: zoopsazo kumabwereranso m'maso kapena m'maloto ngati zikuchitika lero, munthu kumapewa malo ndi nkhani zomukumbutsa, kusintha kwa momwe amadzionera iye mwini ndi anthu ena, ndiponso thupi kukhala tcheru nthawi zonse ngati mlonda wosasinthidwa. Anatsindika kuti pa masabata oyamba zimenezi zimachitikira anthu ambiri ndipo ambiri zimawathera zokha, kotero kuti madokotala amalitchula vutoli pokhapokha zikapitirira mwezi umodzi n'kumasokoneza moyo wa tsiku ndi tsiku.

Kenako tinayamba kufuna mawu a Chichewa oti tizigwiritsa ntchito m'kabuku, ndipo apa ndi pamene tinatuluka thukuta. Misala tinaikana tonse nthawi yomweyo, chifukwa mphunzitsi akangomva mawu amenewo aganiza za kumentolo ndipo mwanayo ayamba kusekedwa. Nkhawa ndi mawu opepuka kwambiri, popeza ndi omwewo amene timanena fizi ikasowa. Mantha ali ndi vuto lakuti amabala dzina lakuti wamantha, lomwe ndi chitonzo, makamaka kwa mwana wamwamuna. Kusweka mtima kwazolowereka pa chikondi ndi pa maliro. AHedi anakonda chipsera cha mumtima, koma namwino wathu, amene timamutchula kuti aSista, anati chipsera ndi bala lopola, pamene chimene Maureen ali nacho chikutulukabe magazi. Pakadali pano taima pa kuvulala m'maganizo, chifukwa mawuwa akusonyeza kuti chinthucho chinachokera kunja, si chibadwa cha munthuyo, ndiponso kuti wovulala amapatsidwa thandizo osati chidzudzulo.

Tili pakati pa zimenezi kunja kunada, mphepo inawomba, ndipo mvula yamphamvu inayamba kugunda pamalata kotero kuti sitinkamvananso. Tonse tinangokhala chete kudikira kuti ichepe, koma aSista anaimirira mofulumira mpaka mpando kugwa, anatenga chikwama, n'kukaima pakhomo penipeni, dzanja limodzi litagwira felemu ya chitseko, maso ali kuphiri. Madontho ankawathira m'miyendo koma sanasunthe, ndipo mayi mnzawo atawafunsa kuti, "ASista, kwagwanji?" sanayankhe. Anaima choncho mwina mphindi zisanu. Mvula itayamba kuchepa anabwerera, anadzutsa mpando wawo, anapukuta magalasi ndi nsonga ya chitenje, n'kutiuza kuti mu March 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche, iwo anali pantchito pamene anthu a ku Chilobwe ankabwera nawo kuchipatala, ena amoyo ena akufa, onse ofanana chifukwa cha matope. Anati ntchito imene saiiwala ndi yochotsa matope m'kamwa ndi m'makutu mwa ana kuti makolo awo awazindikire. Kuyambira nthawi imeneyo, mvula ikagunda pamalata sangathe kukhala pansi, ndipo usiku amagona atavala, nsapato zili pafupi ndi bedi.

Mawu amene ananena pambuyo pake ndinawalemba monga anawanenera: "Nyumba yanga sinagwe, mwana wanga sanafe. Ndikayamba kufotokoza, aliyense amati bola moyo, aSista, thokozani Mulungu. Ndiye munthu uyankha chiyani? Umangoti zoonadi, bola moyo, n'kutseka pakamwa."

Ndakhala ndikuwaganizira mawu amenewa sabata yonse. Bola moyo timanena ndi mtima wabwino, ndipo ine mwini ndawanena kambirimbiri, kwa wophunzira amene nyumba ya kwawo inapsa, kwa mnzanga amene anachita ngozi ya minibasi. Koma tsopano ndikuona kuti mawuwa amayeza wotsala ndi wakufa, ndipo pa muyezo umenewo wotsala sangapambane, chifukwa chilichonse chimene anganene chimaoneka ngati kusayamika. Maureen wa m'bukumu, ngakhale ali kudziko kumene aphungu ndi ambiri, wagwidwa mu msampha womwewo: mabanja 12 aika ana, iye alibe ndi kachilonda komwe, ndiye adandaule pamaso pa ndani? ASista avomera kuti nkhani yawo ilowe m'zolembazi popanda dzina lawo, ndipo gulu lagwirizana kuti gawo loyamba la kabuku likhale la mawu amene timanena kwa wopulumuka.

Sabata yachisanu

Sitinakumane chifukwa cha maliro kwa mmodzi wa ife. Buku lopanda chikuto linakhala kwa munthu mmodzi masiku 9, ndipo tatsalira ndi masamba pafupifupi 70.

Mkumano wachisanu ndi wachisanu ndi chimodzi

Caelum ndi Maureen achoka ku Colorado n'kukakhala pafamu ya makolo a Caelum ku Connecticut, poganiza kuti kutalika kwa mtunda kuchiza. Wina anatikumbutsa kuti patangotha zaka zinayi bukuli litatuluka, pa 14 December 2012, m'chigawo chomwecho cha Connecticut munthu wina anapha ana 20 ndi akuluakulu 6 pasukulu ya pulayimale ya Sandy Hook ku Newtown, zomwe mlembi sakanazidziwa koma ife owerenga lero sitingathe kuziiwala tikamaona awiriwa akuthawira kumeneko.

Nkhani yaikulu inali ya mapiritsi. Maureen wayamba kudalira Xanax, ndipo aSista anatifotokozera kuti mankhwalawa, omwe dzina lawo lenileni ndi alprazolam, ali m'banja limodzi ndi diazepam amene timamudziwa m'zipatala zathu. Amatsitsa mtima pansi pakangopita mphindi zochepa, n'chifukwa chake wodwala amawakonda, koma thupi limawazolowera msanga, limafuna ochulukirapo, ndipo kuwasiya mwadzidzidzi n'koopsa. Anawonjezera kuti mu 2013 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza kuti mankhwala a m'banja limeneli asamaperekedwe pofuna kuchepetsa mantha kapena kusowa tulo m'mwezi woyamba munthu ataona zoopsa, ndipo kuti thandizo lodalirika ndi uphungu umene umathandiza munthu kuyang'anizana ndi zimene anaona pang'onopang'ono.

Mmodzi wa aphunzitsi anadandaula kuti mlembi akukokomeza, kuti munthu wophunzira za mankhwala ngati Maureen sangagwe choncho. Pomuyankha tinabweretsa anthu enieni. Austin Eubanks anali ndi zaka 17 pamene anawomberedwa padzanja ndi pabondo mu laibulale ija, mnzake wapamtima Corey DePooter akuphedwa pambali pake. Anapatsidwa mankhwala amphamvu opha ululu, anakodwa nawo kwa zaka zambiri, kenako anasiya n'kumayendayenda kuphunzitsa ena za vutoli, koma mu May 2019 anamwalira ndi mankhwala osokoneza bongo a heroin ali ndi zaka 37. Anne Marie Hochhalter analumala miyendo ndi zipolopolo za tsiku lija, ndipo patangotha miyezi 6 mayi ake anadzipha. Iye mwini anamwalira mu February 2025 ndi matenda obwera chifukwa cha mabala omwewo, ndipo ofufuza za imfa anagamula kuti anachita kuphedwa, kotero kuti chiwerengero cha ophedwa ku Columbine chinakwera kuchoka pa 13 kufika pa 14 patatha zaka pafupifupi 26. Eubanks ndi mayi a Hochhalter sali pa chiwerengero chilichonse. AHedi, omwe anaphunzitsa masamu moyo wawo wonse, anafunsa kuti kodi amene amatseka kaundula wa tsoka ngati limeneli ndi ndani ndipo amatseka pa tsiku liti, ndipo funso lawolo ndaliika pa mndandanda wa mafunso a m'kabuku monga analifunsira.

Mkumano wachisanu ndi chiwiri

Maureen wapeza ntchito ya usiku kunyumba yosungirako okalamba, ndipo tsiku lina akubwerera m'mawa, mankhwala ali m'thupi, wagunda mnyamata wa sukulu n'kumupha. Khoti lamugamula kukakhala kundende zaka zisanu, ndende ya amayi imene ili pafupi ndi famu yomwe ija.

Sitinakanganepo ngati tsiku limeneli. AHedi anati wapha ndi wapha, ndipo mayi wa mnyamata wogundidwayo sangatonthozedwe ndi nkhani ya kabati. Mnyamata wa uphungu anati chipolopolo cha mu 1999 ndi chimene chinafika pa mwanayo, kungoti chinadzera mwa Maureen. ASista, amene tonse tinkayembekeza kuti aikira kumbuyo namwino mnzawo, anati onse awiri akunena zoona koma iwo ali kumbali ya aHedi, chifukwa kuvulala m'maganizo kumafotokoza chifukwa chimene munthu anamwera mapiritsi koma sikumupatsa chilolezo chogwira chiwongolero. Ine ndikuona kuti apa ndi pamene bukuli lili ndi mphamvu kuposa pena paliponse, popeza silikumulola Maureen kukhala wongomveredwa chisoni basi, ndipo likutikakamiza kuona kuti wovulala angathenso kuvulaza. Tagwirizana kuti m'kabuku tinene momveka kuti kumvetsa mwana wovulala m'maganizo sikutanthauza kumuchotsera malamulo a sukulu.

Tinakambirananso za Caelum, amene si mwamuna wosiririka: ndi waukali, amamwa, ukwati uwu ndi wachitatu, ndipo anasamukira ku Colorado atamenya munthu amene ankayenda ndi Maureen. Komabe sakumusiya mkazi wake, ngakhale nthawi zina akuonetsa poyera kuti watopa naye. Abambo a m'gulu anamuyamikira, koma mayi wina anafunsa kuti akanakhala mkazi amene akusamalira mwamuna wodwala choncho, kodi alipo akanamuyamikira, kapena tikanangoti akuchita udindo wake? Palibe bambo amene anayankha.

Pa mkumano womwewu mmodzi wa aphunzitsi anatiuza kuti sapitiriza, chifukwa bukuli likumulanda tulo. Sitinamufunse zambiri ndipo sitinamukakamize. Ndikuvomera kuti cholakwa chinali changa, popeza pokonza ndondomeko ndinaganizira za masamba ndi masiku okha, osaganizira kuti wina mwa ife angakhale ndi kabati yakeyake. Kuyambira tsopano ofotokoza azichenjeza gulu Lachinayi za zimene zili m'gawo likubweralo, ndipo aliyense ali ndi ufulu wotuluka panja popanda kupereka chifukwa. Lamulo lomweli lilowa m'kabuku. Tatsala anthu 7.

Mkumano wa nambala 8 ndi 9

Gawo ili tinalidutsa mothamanga ndipo sindikudandaula. Caelum wachititsa lendi mbali ya nyumba yake kwa banja lothawa namondwe wa Katrina, amene anamiza New Orleans mu August 2005, ndipo mkazi wa m'banjamo wayamba kufukula makalata akale a makolo a Caelum, kuyambira kwa agogo ena amene ankalimbana ndi ukapolo n'kusamalira ovulala pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, mpaka kwa amene anayambitsa ndende ya amayi ija. Pakutulukanso zinsinsi za kubadwa kwa Caelum, ndiponso msilikali wobwera ku Iraq amene ali m'kalasi mwake. Cholinga cha mlembi chikuoneka, kuti bala limodzi limadzutsa mabala akale a banja ndi a dziko, koma katundu wachuluka kuposa ngolo, ndipo Maureen akusowa kwa masamba ambirimbiri. Anthu atatu anaulula kuti makalata ena anangowalumpha.

Zokhazo za m'ndende ndi zimene zinatigwira tonse, ndipo chifukwa chake n'chodziwika: Lamb, amene anaphunzitsa kusekondale ku Norwich zaka 25, anayamba mu 1999 kuphunzitsa mongodzipereka luso lolemba kwa amayi a m'ndende ya York ku Connecticut, choncho kachitidwe ka alonda, mizere ya odzaona abale ndi manyazi a kusechedwa akuzilemba ngati munthu amene anaziona ndi maso. M'ndendemo ndi mmene Maureen akuyamba kupeza bwino, makamaka atayamba kusamalira akaidi odwala. ASista anati zimenezi n'zoona kwa iwonso, kuti pantchito mvula siwavuta kwambiri ngati kunyumba, koma anatichenjeza kuti tisalembe m'kabuku kuti ntchito ndi mankhwala, chifukwa ena amabisala m'ntchito momwemo.

Mkumano wa nambala 10, ndi pamene tafika

Tamaliza bukuli mochedwa ndi sabata imodzi. Maureen akumwalira mwadzidzidzi ali m'ndende, mtsempha wa m'mutu utaphulika, pa nthawi imene anayamba kuoneka ngati munthu, ndipo ambiri a ife tinakwiya nayo imfa imeneyi. Mnyamata wa uphungu akuti mlembi wamupha kuti Caelum apeze chikhulupiriro chimene mutu wa bukuli, wotengedwa mu nyimbo ya kutchalitchi ya Amazing Grace, unalonjeza, ndipo akuopa kuti wowerenga wovulala angatolepo phunziro lakuti kuchira kulibe. AHedi akuti anthu amafa pa nthawi yosayenera tsiku ndi tsiku ndipo buku siliyenera kupepesa chifukwa cha zimenezo. Ine ndili pakati, koma ndikuvomerezana ndi mnyamatayo pa chinthu chimodzi, chakuti bukuli tisalipereke kwa ophunzira. Ndi la aphunzitsi, ndipo ngakhale iwo tiziwauza za kulemera kwake asanalitsegule.

Kabuku kali motere. Gawo loyamba, la mawu amene timanena kwa wopulumuka, lalembedwa ndipo lili ndi masamba anayi, koma likadali ndi mpata waukulu: tafotokoza bwino chifukwa chimene bola moyo, limba mtima ndi iwala zimenezo zimatsekera munthu pakamwa, koma mawu oti alowe m'malo mwake tapeza awiri okha amene sakumveka ngati otembenuzidwa kuchokera ku Chingerezi, omwe ndi "ndikumva, pitiriza" ndi "usiku ukugona bwanji?" Gawo lachiwiri, la zizindikiro, lalembedwa ndi mnyamata wa uphungu ndipo likufunika kufewetsedwa chifukwa likumveka ngati notsi za mayeso. Gawo lachitatu, la mankhwala ndi mowa, lili kwa aSista. Gawo lachinayi, la kumene mphunzitsi angatumize mwana, silinayambike, chifukwa kupatula chipatala cha boma cha matenda a maganizo ku Zomba ndi cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, tikufuna kuti tiyambe tafunsa ku zipatala za m'maboma za masiku amene anamwino a matenda a maganizo amaona anthu, kuti tisalembe zongomva. Aphunzitsi awiri atenga ntchito imeneyi ndipo apereka lipoti pakatha masabata awiri.

Mawu akuti kuvulala m'maganizo tiwayesa kaye pa aphunzitsi 10 amene sanawerenge bukuli, ndipo akawamva ngati misala titenga chilonda cha mumtima, chomwe chinali chachiwiri pa mavoti. Mphunzitsi amene anasiya uja watumiza uthenga kuti bukuli sakulifunabe koma ndi wokonzeka kuwerenga kabuku kathu ndi kukonza kalembedwe, ndipo gawo loyamba ndimupatsira Lolemba. Popeza mvula ikadalipo mpaka March, ndapempha akuluakulu a sukulu kuti atisamutsire ku chipinda cha aphunzitsi, chomwe chili ndi siling'i, koma aSista akana, akuti tikhale m'kalasi momwemo ndipo mpando wawo uzikhala woyandikana ndi chitseko.